Cha pa Shelefu N'cha Alendo

Chaka chimene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anayamba kubwerera kwawo, Lameck Alufeyo anatsala pa Lisungwi ndi okala yopanda ogula. Matipate anali atangolowa kumene, aliyense akuti tsopano ndi ufulu wochita geni, koma ufulu wa Lameck unali wokhala pampando tsiku lonse n'kumaingitsa ntchentche. Anasamutsira okalayo pa Neno boma, poganiza kuti kumene kuli aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki ndiye kuli ogula. Aa, zinali zomwezo. M'okalamo munali machesi, sopo woduladula, timapepala ta mchere ndi botolo la masuwiti osungunuka amene anamatana okhaokha. Mkazi wake Deliwe ankakwera kumapiri kukachita ganyu yokumba mbatatesi, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwayi, ankapita kusukulu ndi diresi long'ambika kukhwapa.

Umphawi wokha sukadamuthetsa Lameck, poti amphawi pa Neno analipo ambiri ndipo ankaseka ndithu. Chimene chinamudya ndi kaduka.

Tsiku lina atapita ku Blantyre kukaoda katundu, mvula inamuthamangitsira pakhonde la sitolo yaikulu ya m'tauni, zija zoti munthu umalowa n'kumadzitengera wekha zinthu pashelefu. Analowa kuti angoona. Kalanga ine, akadangopirira mvulayo panja! Shuga anali atasanjidwa mpaka kudenga, buledi akununkhira kuyambira pakhomo. Ndipo m'menemo anapezamo anthu a pa Neno pomwe, omwe aja ankadutsa pa okala yake osacheuka n'komwe, akukankha tingolo todzaza mpunga, majarini ndi mafuta ophikira. Malipiro akangotuluka, anthuwo ankakwera matola kudzagula kuno.

"A Alufeyo! Kodi nanunso mumagula muno?" anafuula mphunzitsi wina, ndipo anzake anaseka.

Potuluka, mlonda anamuimitsa yekhayo n'kupisa dzanja m'jumbo yake pamaso pa anthu onse. Lameck anafika kunyumba mtima uli wakuda bii.

"Mayi a Mwayi, ine ndidzamanga yotero pa Neno pano. Adzandipatsa moni atagwira chipewa m'manja."

"Zikomo bambo," anayankha Deliwe akusenda mbatatesi, "koma tiyambe tagula kaye nsapato za mwanayu."

Mawu abwinobwino amenewo iye anawamva ngati chipongwe. Sabata yomweyo anatsikira ku Matope, m'mbali mwa Shire, kumene dalaivala wina wa matola anamunong'oneza kuti kuli sing'anga wokhwimitsa amalonda, dzina lake a Malizani.

Anawapeza masana dzuwa likuswa mtengo. Sanali a mikanda ndi nthenga ayi. Anali bambo aukhondo, malaya oyera opisira, akusoka ukonde pansi pa mlambe. Sanadzutse mutu.

"Mwabwera kudzagula, kapena ndinu aja ongoyendera?"

"Ndikufuna sitolo, bambo. Yaikulu, yoti anthu azidzitengera okha."

"Imeneyo ilipo. Kunyumba muli ndi ndani?"

"Mayi akunyumba, ndi mwana mmodzi wamkazi."

"Nanga okuberekani?"

"Bambo anatisiya kale. Mayi alipo, ku Magaleta."

A Malizani anagwedeza mutu ngati munthu amene wakhutira ndi mbuzi pamsika. Lameck anapisa m'thumba, koma iwo anamuletsa ndi dzanja.

"Bwezani, ine sindilandira kanthu. Sitolo yanuyo idzakhala ndi mwini wake wina amene simudzamuona. Iyeyo ndiye azidzakuitanirani ogula. Lamulo lake ndi limodzi basi: cha pa shelefu n'cha alendo. Inu idyani mpaka khosi likwinyike. Akazi anu adye, si magazi anu amenewo. Koma amene anakuberekani ndi amene munabereka asadzalawe chodyedwa chilichonse chimene chinagonapo pashelefu panu. Kaya chagulidwa, kaya chaperekedwa ulere, kaya chadutsa m'manja mwa anthu angati. Akangolawa, ndiye kuti mwini sitoloyo wawagula."

"Kuwagula bwanji, bambo?"

Apa m'pamene a Malizani anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Inu si wamalonda kodi? Munthu akagula amatani? Amanyamula n'kumapita. Ndipo mukadzauzako munthu, ngakhale akazi anu, adzanyamula onse awiri tsiku lomwelo."

Munthu wanzeru akadadzuka pomwepo osatsazika. Koma Lameck anayamba kudziwerengera mumtima: mayi ali kutali ku Magaleta, mwana ndi wamng'ono amamva zouzidwa, zakudya za kunyumba tizikagula kwina, chovuta n'chiyani pamenepa? Anatambasula manja onse awiri, ndipo a Malizani anaikamo kansupa kokulungidwa m'chikopa, kotentha ngati kali ndi malungo. Anamuuza kuti akakakwirire pansi pa shelefu yoyamba.

Zimene zinachitika pambuyo pake anthu a pa Neno amazikambabe. Machesi a m'okala muja anatha tsiku limodzi. Masuwiti omatana aja anthu anachita kulimbirana. Chilichonse chimene Lameck waika pashelefu chinkapita, ndipo mvula isanabwerenso kawiri, pamene panali okala panaima sitolo ya njerwa zootcha, ya chitseko chagalasi, mabasiketi ofiira ali mulu pakhomo, firiji ya palafini ikung'ung'uza pakona. Pamwamba pa malo olipirira analembapo ndi penti kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Aphunzitsi aja anasiya kukwera matola. Mwezi ukatha ankalowa kwa Alufeyo, chipewa chili m'manja, monga momwe iye ananenera. Maokala ena anayamba kutsekedwa imodziimodzi, ndipo otsalawo ankaoda kwa iye yemweyo.

Lameck ananenepa, eti, mpaka mphete inakana chala. Koma kunyumba kwake, kuseri kwa sitolo komweko, kunali zodabwitsa. Mwezi uliwonse ankakweza Deliwe matola kupita ku Mwanza kukagula mchere, shuga ndi mafuta.

"Bambo a Mwayi, mchere uli apa, khoma lokhali, ine ndizikagwedezeka msewu wonsewu chifukwa chiyani? Anthu akundiseka."

"Aziseka. Katundu wa m'sitolo ndi mpamba, sadyedwa. Za bizinesi simungazimve inu. Tsiku limene mudzatenge kanthu mmuja n'kulowa nako m'nyumba muno, mudzapita kwanu."

Deliwe anali mkazi womvera, ndipo sanatengepo ngakhale kambewu ka mpunga. Mwayi naye analetsedwa kuponda m'sitolo. Ankaima panja, mphuno itagunda galasi, kuonerera ana a eni ake akusankha mabisiketi m'sitolo ya bambo ake.

Loweruka lina la kumapeto a mwezi, sitolo itadzaza, kunatulukira a Falesi, mayi ake a Lameck. Anayenda wapansi kuchokera ku Magaleta atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, kudzaona ndi maso awo zimene anthu ankasimba. Anatenga basiketi monga ankachitira anzawo, akumwetulira ngati kamtsikana, naikamo paketi ya shuga ndi masamba a tiyi. Atafika polipirira anayamba kumasula mfundo ya pachitenje. Lameck atawaona, analumpha n'kugwira basiketiyo.

"Amayi, bwezani."

"Ndilipira, mwanawe. Sindinabwere kudzapempha ine."

"Ndati bwezani! Muno simugula kanthu!"

A Falesi anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali, kenako anamanganso mfundo yawo n'kutuluka. Lameck anathamangira kunyumba kuti akawatengere shuga wa ku Mwanza, koma pobwera anapeza atapita. Anadzitonthoza kuti manyazi amatha, bola moyo wawapulumutsa.

Lolemba uthenga unafika. A Falesi anawapeza m'mawa atatsamira khoma la nyumba yawo, kapu ya tiyi ili pambali, maso ali chitsegulire. Sanadwale, sanabuule.

Pamaliro, a Mercy anabwera kudzamupepesa. A Mercy anali namwino wochokera kumpoto, woyandikana nawo nyumba pa boma, mayi wamtima wabwino amene sankatha kuona munthu akuvutika n'kungodutsa. Anagwada pafupi naye n'kulankhula motsitsa mawu.

"Pepani a Alufeyo. Ine chimene chikunditonthoza n'chakuti agogo anamwako tiyi wa shuga wa m'sitolo ya mwana wawo. Tsiku lija ndinawamvera chisoni, ndiye ndinagula paketi ija n'kuwatsatira nayo kumsewu. Anasangalala kwambiri."

Lameck atacheuka anaona Mwayi ali pakati pa amayi, kapu ya tiyi wa pamaliro ili m'manja, akuuzira kuti azizire. Shuga wa tiyiyo anali atabwera naye iye mwini pagalimoto kuchokera m'sitolo mwake. Anadumpha anthu n'kuimenya kapuyo, tiyi n'kumwazikira pa zitenje za azimayi. Mwana analira, anamfedwa anang'ung'udza, ndipo akuluakulu anayang'anana.

Sabata imeneyo malonda anayenda kuposa kale lonse. Lole inatsitsa katundu m'mawa, pofika madzulo mashelefu anali mbee.

Tsopano Lameck anaona chimene sanachiganizire pansi pa mlambe paja. Pa Neno panalibenso khitchini imene munalibe kanthu kochokera pashelefu pake. Mandasi a pasukulu anali a ufa wake ndi mafuta ake. Thobwa la kutchalitchi linali la shuga wake. Iye mwini, pomeza maokala a anzake, anali atamuzinga mwana wake mbali zonse. Anakhwimitsa malamulo. Mwayi asadye kwa munthu aliyense, asalandire kanthu kusukulu, asapite ku zikwati. Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno, mwana amadya pamene chakudya chamupeza, ndipo kukaniza mwana wako kudya kwa mnzako ndiye kuti wamutchula mnzakoyo mfiti. Azimayi anasiya kuitana Mwayi. Anzake anasiya kusewera naye. Mwana wa munthu wolemera kuposa onse pa boma ankakhala yekha pakhonde, akuwonda.

Mantha atamukulira, Lameck anatsikiranso ku Matope. Anawapeza a Malizani pamalo pomwe paja, ndi ukonde womwe uja.

"Bambo, mayi anga apita. Ndichitireni chifundo."

"Katundu wogulidwa sabwezedwa. Si mmene munalembera m'sitolo mwanu?"

"Ndikunena za mwana. Watsala yekha. Palibe njira?"

"Njira ilipo, ndipo ndi yapafupi. Kafukuleni kansupa kaja mubwere nako. Katundu yense wa m'sitolo mudzamutaye mu Shire umu, sitoloyo mugwetse, mubwerere pa okala yanu ya machesi. Mukatero lamulo latha, mwana azidya chimene wafuna."

Lameck anaona m'maganizo mwake matumba a shuga akumira, mlonda wa ku Blantyre uja akupisanso m'jumbo yake, aphunzitsi akuseka.

"Katundu yense?"

"Yense."

"Nanga... ndingayambe ndagulitsa kaye wa Khirisimasi? Ndaoda kale wambiri. Ikangopita Khirisimasi ndibwera."

A Malizani anaseka mpaka kupukuta misozi ndi ukonde.

"Onse amafunsa zomwezo. Pitani bwino, bwana. Mwini sitolo sathamanga."

Khirisimasi inapita. Chaka chatsopano chinapita. Munthu wosamva uja, m'malo mofukula kansupa, anaodanso lole ina, akuti sukulu zikutsegulidwa, makolo afuna zogula. Ankadziuza kuti wasamala chaka chonse, mwezi umodzi ungavute pati.

Kenako mvula ya Januwale inagwa yosalekeza. Mitsinje inadzaza, msewu unaduka, matola anasiya kuyenda. Ku Mwanza kunakhala kosafikika. Kunyumba kwa Lameck shuga anatha, mafuta anatha, pomaliza mchere unatha.

"Tidya zopanda mchere mpaka msewu utseguke," analamula Lameck. Kwa iye zinali zosavuta, poti masana ankadzitsekera m'kachipinda ka m'sitolo n'kumadya buledi wopaka majarini.

Masiku omwewo Mwayi anadwala malungo. Mankhwala anagwira, thupi linazizira, koma mwana anakana kudya. Akalawa ndiwo ankalavula. "Amayi, sizikukoma," ankatero ndi timawu tofooka, ndipo Deliwe ankatembenukira kukhoma kuti mwanayo asaone misozi.

Tsiku lina mvula inakata pang'ono, ndipo masana Lameck anazungulira kuseri kukaona wodwala. Ali pakhomo anamva chimene anali asanachimve kwa nthawi yaitali: Mwayi akuseka. Anamupeza atakhala pamkeka atatsamira khoma, mbale ya mbatatesi ndi nyemba ili pamiyendo, yatsala pang'ono kutha.

"Ababa, onani! Lero ndadya zambiri!"

Mtima wa Lameck unasungunuka. Anagwada, namusisita kumutu, natapako nyemba pang'ono ndi chala kuti amusangalatse. Atangoika pakamwa, nkhope yake inasintha. Munali mchere.

"Mayi a Mwayi! Mchere mwautenga kuti?"

Deliwe anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nkhope ili yowala.

"Musade nkhawa bambo, m'sitolo mwanu sindinapondemo. Ndinangotenga supuni n'kukagogoda kwa a Mercy, monga timachitira azimayi tonse mchere ukatithera. Anandigawira ndi mtima umodzi. Taonani mwana wadya."

"A Mercy... amagula kuti mchere?"

"Aa, bambo a Mwayi, funso lanji limenelo? Pa Neno pano pali kwinanso kogula?"

Lameck anatuluka ngati wolumidwa ndi njuchi. Anatola khasu pakhonde, nalowa nalo m'sitolo, nakankha shelefu yoyamba ija mpaka mabotolo a mafuta anasweka pansi. Ogula anathawira m'makona. Anaswa simenti, anakumba ndi khasu, anakumba ndi zala mpaka zikhadabo zinatuluka magazi, akufuula kuti, "Ndikubweza! Ndikubweza lero lomwe! Tengani zonse!" Dzenje analipeza, chikopa chija anachipeza, koma kansupa munalibe.

Ali chigwadire m'dothimo, kuseri kwa khoma kunamveka mfuu wa Deliwe. Mayo ine, kulira kumene kuja aliyense amene anakumva sanakuiwale.

Mwayi anali pomwe paja, atatsamira khoma monga anawapezera agogo ake, supuni ili m'manja, kumwetulira kusanachoke pankhope. A Mercy anathamanga, anamugwira pamkono, anamuika khutu pachifuwa, kenako anangokhala pansi n'kugwira kumutu. Ndipo kumaso kwa sitolo, m'matope momwemo, anthu anali atayamba kale kusonkhana, ochokera m'midzi imene sankabwerako n'kale lonse, mzera kufika kumsika, akugogoda pagalasi. "A Alufeyo! Tatigulitsani!"

Atabwera kumanda, Lameck anagwa pamapazi a mkazi wake n'kuulula zonse: za mlambe, za kansupa, za shuga wa a Falesi, za njira imene anapatsidwa. Deliwe anamvetsera osagwetsa msozi, poti misozi inali itamuthera.

"Mukadandiuza, bwenzi nditamubereka kumsana mwanayu n'kuthawa naye kutali."

"Anandiletsa. Anati ndikanena atenga onse awiri."

"Nanga watsala ndani?"



"Ndiye mukuti njira anakupatsani," anapitiriza Deliwe, "inu n'kusankha malonda a Khirisimasi. Supuni ija ndinanyamula ndine, ndipo idzandiwawa mpaka kufa. Koma mwana wanga munamuika pashelefu ndinu."

Anamanga katundu wake m'chitenje n'kupita kwawo ku Midzemba, wapansi, osacheuka. A Mercy anapempha kuti awasamutse, ndipo anachoka pa Neno akudziimba mlandu umene sunali wawo.

Sitolo sinatsegulidwenso. Nkhani itamveka, panalibe munthu wofuna kukhudza kanthu ka mmenemo, ngakhale akuba. Shuga anasungunuka m'matumba, makoswe anaboola mpunga, denga linagwera mkati. Lameck anaonda mpaka mphete ija inagwa yokha. Kwa zaka zambiri ankayendayenda pamsika wa Neno, opanda nsapato, basiketi yofiira ili pamkono, n'kumaimitsa aliyense wonyamula jumbo. Ankasuzumiramo mwaulemu, kenako n'kufunsa ndi mawu a munthu wamalonda:

"Pepani bwana, si inu munagula mwana wanga? Mubwezeni chonde, anagulitsidwa molakwika."

Ana ankamuseka, koma akuluakulu ankangopatuka n'kupukusa mitu. Anamupeza m'mawa wina m'bwinja la sitolo muja, atatsamira khoma pafupi ndi dzenje limene anakumba, atauma kale.

Abale anga, chuma cha mankhwala chilibe ulere. Amene amakupatsa amayamba wafunsa kuti kunyumba uli ndi ndani, chifukwa malipiro ake ndi anthu, ndipo amasankha amene umawakonda. Lameck sanaphedwe ndi umphawi, sanaphedwe ndi a Malizani, sanaphedwe ndi chifundo cha a Mercy. Khomo lotulukira anamutsegulira, iye n'kuona kuti mashelefu odzaza ndi ofunika kuposa mwana. Dyera ndi lomwe linamutha. Ngati okala yako ili ndi machesi ndi timapepala ta mchere basi, koma mwana wako angathe kulowamo n'kudya suwiti iwe ukuseka, gwira ntchito, pirira, ndipo usasirire galasi la mnzako.